Ng'oma ikangolowa, nyimbo imabalalika: thandizeni pa Sitandade 6

Mphunzitsi wamkazi, Ntchisi: Aphunzitsi anzanga, ndipatseniko nzeru. Ndili ndi ana 104 mu Sitandade 6, ng'oma imodzi yokha, nayonso chikopa chinalefuka. Pa Expressive Arts tikamayimba pakamwa pokha zimayenda. Koma ng'oma ikangolowa, ana amayamba kuthamanga, akumbuyo atsala, akutsogolo afika kale pa kolasi. Mphindi 35 zimatha ndikungokuwa. Za crotchet ndi quaver, zizindikiro zosonyeza kutalika kwa mawu mu nyimbo, ndalemba pa bolodi kawiri konse, amakopera bwinobwino m'makope koma kuti aombe m'manja zomwe alembazo, ayi ndithu.

Mphunzitsi wamwamuna, Mchinji: Madamu, ng'omayo mumapatsa ndani? Ngati ndi mnyamata wodziwa kwambiri uja, vuto ndi lomwelo. Amafuna kuonetsa luso, ndiye amakokera kalasi yonse. Sabata ziwiri zoyamba ibiseni ku ofesi. Tulukani panja pansi pa mtengo, ana aime mozungulira, aziponda pansi kumanja, kumanzere, osayimba kanthu. Mapazi akagwirizana, onjezani manja. Nyimbo ibwere pomaliza. Mwana amene mapazi ake akuyenda sangathamange ndi pakamwa.

Mphunzitsi wamkazi, Ntchisi: Mwalasa achimwene, ndi yemweyo. Amaimbira mganda kumudzi kwawo.

Mphunzitsi wamkazi, Mulanje: Ine ndimayambira pa mtondo. Funsani atsikana mmene anthu awiri amasinjira mu mtondo umodzi: wina akatsitsa munsi, mnzake wakweza. Gawani kalasi pawiri, awa aombe pamene awo asiya mpata. Akudziwa kale zimenezi, sanauzidwe chabe kuti ndi phunziro. Pa manotsi ndimagwiritsa ntchito mawu: crotchet ndi "gu", ma quaver awiri ndi "nsima", ma semiquaver anayi ndi "matimati".

Mphunzitsi wopuma pantchito, Nkhoma: Mwana wanga wa ku Mulanje, za mtondozo ndavomera, koma "nsima" ndikukana. Tamverani mmene timatchulira: nsiii-ma. Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye ana adzaimba lina lalitali lina lalifupi, pamene ma quaver ayenera kulingana. Ife ku kwaya tinaphunzira taa (crotchet), ta-te (ma quaver awiri), ta-fa-te-fe (ma semiquaver anayi) pamodzi ndi sol-fa, do-re-mi uja. Mawu amenewa alibe tanthauzo, choncho lilime siliwakoka. Ngati mukufuna zathu, tengani mmene oimba ng'oma amaphunzitsirana pakamwa, "ke-te, ke-te", zimagwiranso ntchito. Chizindikiro cha pa bolodi chizibwera mwana ataomba kale chinthucho kakhumi. Dzina la Chingerezi alidziwe ndithu, poti mayeso a MANEB amalembedwa m'Chingerezi, koma likhale lotsiriza.

Mphunzitsi wamkazi, Mulanje: Bambo, ndayesa kutchula ndekha pano, ndaseka. N'chifukwa chake ana anga amatsimphina pa quaver. Ndasiya nsima.

Mphunzitsi wamwamuna, Nsanje: Pa zida musadandaule, TALULAR tinaiphunzira ija, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu, ndi yomweyi. Zitsekerero za mabotolo muziphwanye, kuboola pakati, kuzitunga pa waya, maseche atheka. Zigubu ndi zitini zikhale ng'oma zing'onozing'ono. Chisekese amayi akumudzi angakulukireni ndi mapesi a udzu, n'kuikamo njere. Chimene ana anga amakonda kwambiri ndi mangolongondo: timitengo touma bwino togoneka pa mathunthu awiri a nthochi. Kamtengo kafupi kamalira mokweza, katali motsitsa. Kakalira mokweza kwambiri, kasemeni pang'ono pakati, kunsi kwake, katsika; mukafuna kakwere, dulani kumapeto. Kwathu kuno kuli oimba valimba, chida chofanana ndi mangolongondo, mkulu wina anabwera kudzatithandiza kuchuna, anangopempha kuti tisamawasiye padzuwa. Ng'oma yanuyo iwambeni pamoto pang'ono musanayambe phunziro, ikungika. Muwambe nokha, osatuma ana.

Mphunzitsi wamkazi, Ntchisi: Nanga zida zikakhala khumi ana 104, sipakhala nkhondo?

Mphunzitsi wamwamuna, Nsanje: Magulu anayi: oponda, oomba m'manja, oimba, a zida. Pakatha vesi asinthane. Ndipo gwirizanani chizindikiro chosiyira, ine ndimakweza dasitala.

Mphunzitsi wamwamuna, Mchinji: Kanthu kamodzi kokha pa kasankhidwe ka nyimbo. Dera lanu ndi langa n'lofanana, samalani ndi nyimbo za gule wamkulu. Ine ndinayesapo, mawa lake kunabwera makolo mbali ziwiri: a mpingo akuti mukuphunzitsa ana zakudambwe, enanso akuti mukuulula mwambo kwa osameta. Za chimtali, chiterera ndi za masewero a ana zilibe mlandu, bola muyambe mwamva mawu ake onse. Komanso anyamata akuluakulu amene mawu ayamba kusintha musawakakamize kukwera ndi atsikana. Amangotseka pakamwa n'kuyamba kusokoneza. Apatseni kuyankha motsitsa.

Mphunzitsi wamkazi, Ntchisi: Ndabweranso patatha sabata zitatu. Mapazi aja athandiza, tsopano timafika kumapeto kwa nyimbo tonse limodzi. Ta-te akuomba, ta-fa-te-fe idakali kuwapunthwitsa. Mnyamata wa mganda ndamuika kukhala woyang'anira a zigubu, ndipo ndi iye akudzudzula anzake akathamanga. Mangolongondo tinapanga, koma mbuzi zadya mathunthu a nthochi Loweruka. A ku Nsanje, mumawasunga kuti anu?

Mphunzitsi wamwamuna, Nsanje: Timitengo mu ofesi ya ahedi. Mathunthu timadula ena, nthochi sizisowa.