Kodi jeera ndi saunf zimasiyana bwanji kwa munthu wochepa magazi?

Mayi wa ku Mayfair:

Moni kwa inu nonse abale a kumudzi amene muli kuno ku Johannesburg. Ine kwathu ndi ku Thyolo, ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba pa banja lina la amwenye ku Mayfair. Mwezi wathawu ndinayamba kumva chizungulire ndikaimirira nthawi yaitali pamene ndikusita, mtima n'kumathamanga ndikangokwera masitepe ochepa chabe. Nditapita kukiliniki anandiyeza n'kundiuza kuti magazi anga ndi ochepa, ndipo anandipatsa mapiritsi owonjezera magazi, koma chiyambireni kumwa mapiritsiwo ndakhala ndikudzimbidwa moti nthawi zina pamatha masiku atatu m'mimba muli gwa.

Agogo a pakhomopo, amene amandisunga ngati mwana wawo, anandipatsa timbewu ta jeera, timene pa Chingelezi amati cumin, n'kundilangiza kuti ndizitinyika m'madzi usiku ndi kumwa madziwo m'mawa. Mnzanga wina wa kumpingo akuti jeera si kanthu, timene timathandiza ndi ta saunf, timene m'masitolo timalembedwa kuti fennel. Ndinagula mitundu yonse iwiri ku Oriental Plaza, koma nditaithira m'mbale imodzi ndinalephera ngakhale kuisiyanitsa. Chonde, amene mukudziwa mundimasulire kuti mwa timbewu tiwiriti timene tili ndi zofunika zambiri m'thupi ndi titi, komanso ngati ndingasiye mapiritsiwa n'kudalira timbewuti.

Wophika wa ku Fordsburg:

Achemwali, pepani ndi matendawo. Ine ndine wa ku Mangochi, ndipo timbewu timeneti ndimatigwira tsiku ndi tsiku kukhitchini ya lesitilanti kumene ndimagwira ntchito, choncho ndiyankha mbali ya kusiyanitsa, za magazi ndisiyira odziwa zachipatala. Kufanana kwake si kodabwitsa, pakuti zomera ziwirizi ndi za banja limodzi ndi kaloti ndi dhania, amene pa Chingelezi amati coriander. Tengani mbale yanuyo mupite nayo padzuwa. Jeera ndi wofiirira, wocheperako komanso wowonda, ndipo mukamutafuna amawawa pang'ono n'kusiya fungo lamphamvu lija mumalimva mu biryani ndi mu nyemba za amwenye. Saunf ndi wobiriwira, wonenepa, ndipo amatsekemera mkamwa. Ndi uja amaikidwa m'kambale pafupi ndi pamene mumalipirira chakudya, nthawi zina atakutidwa ndi shuga wamitundumitundu, kuti anthu atafune akatha kudya. Anthu a ku Cape Town amamutcha barishap, ndipo pa Chibunu ndi vinkel, choncho musadabwe mukaona mayina amenewo pa paketi.

Ndikuchenjezeninso pa dzina la chitowe. M'Baibulo lathu la Chichewa, pa Mateyu 23:23, cumin anamumasulira kuti chitowe, koma chitowe chimene timachidziwa kumudzi, chija amayi amasinja n'kutendera ndiwo, ndi mbewu ina, imene kuno imagulitsidwa ndi dzina la sesame. Mukatuma munthu kuti akakugulireni chitowe, akubweretserani chimenecho.

Namwino wa ku Rosettenville:

Mayi, ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri chifukwa ndi limene landidetsa nkhawa: mapiritsiwo musasiye. Ndikufotokozerani chifukwa chake ndi manambala, kuti muone nokha.

Agogowo sananame, pakuti pa nkhani ya ayironi, mchere umene thupi limagwiritsa ntchito popanga magazi, jeera amaposa saunf kutali. Malinga ndi miyezo ya unduna wa zaulimi wa dziko la America, magalamu 100 a jeera ali ndi mamiligalamu pafupifupi 66 a ayironi, pamene magalamu 100 a saunf ali ndi pafupifupi 18 ndi theka. Jeera alinso ndi mafuta ochulukirapo, magalamu 22 poyerekeza ndi 15 a saunf, ndipo pa zomanga thupi ndi ofanana pang'ono, 18 ndi 16. Mnzanu wa kumpingo nayenso ali ndi mbali yake, chifukwa saunf ndiye amapambana pa kashiyamu, mchere wolimbitsa mafupa ndi mano, pokhala ndi mamiligalamu pafupifupi 1,200 pamene jeera ali ndi 930. Kusiyana kwakukulu koposa kuli pa fayiba, gaga uja amene sagayika koma amathandiza kuti m'mimba muziyenda bwino: saunf ali ndi magalamu pafupifupi 40, jeera 10 ndi theka okha.

Vuto ndi lakuti palibe munthu amene amadya magalamu 100 a zokometsera ndiwo. Sipuni yaing'ono ya tiyi imanyamula magalamu pafupifupi awiri okha, kutanthauza kuti sipuni ya jeera ikupatsani mamiligalamu 1.4 a ayironi, ndipo ya saunf siikwana ngakhale theka la miligalamu. Mayi amene akusambabe amafunika mamiligalamu 18 tsiku lililonse ngakhale ali bwinobwino, ndiye kuli bwanji inu amene nkhokwe yanu yatha kale. Piritsi limodzi la ferrous sulphate la mamiligalamu 200 lili ndi ayironi wokwana pafupifupi 65, ndipo kuti mupeze ayironi wotere mu jeera mungafunike masipuni oposa 45 pa tsiku. Komanso mukanyika timbewuto n'kumwa madzi okha, fayiba wambiri amatsala m'timbewu timene mwatayato, ndipo michere imene imalowa m'madzi ndi gawo chabe.

Kudzimbidwa kumene mukudandaula kumachitikira anthu ambiri amene amamwa mapiritsi amenewa, monganso kuda kwa chimbudzi, kumene sikuyenera kukuopsani. Bwererani kukiliniki mukawauze mmene mukumvera, chifukwa angathe kusintha kamwedwe kake kapena mtundu wa mapiritsi, ndipo mukawafunsenso chimene chikuchepetsa magazi anu, poti kwa amayi ambiri gwero lake ndi kutaya magazi ochuluka posamba. Nthawi zambiri mapiritsiwa amapitirizidwa kwa miyezi itatu ngakhale magazi atabwerera m'malo mwake, n'cholinga choti thupi lisunge ena padera. Saunf mukhoza kutafuna theka la sipuni mukatha kudya, poti amachepetsa mpweya m'mimba, koma kudzimbidwa kwenikweni kumafuna madzi ambiri, papaya, masamba ndi nsima ya mgaiwa mukaupeza. Ndionjezere kwa amayi ena amene akuwerenga kuti madzi a saunf musamwetse khanda, chifukwa mwana wosakwana miyezi 6 amayenera kuyamwa bere lokha.

Mayi wa ku Yeoville:

Mwana wanga, anamwino alankhula zomveka, ine ndingoonjezera za mumphika. Ndakhala kuno zaka zambiri ndikugulitsa usipa, nyemba ndi mfutso zimene zimabwera pa mabasi ochokera kumudzi, ndipo chimene chimandimvetsa chisoni ndi kuona atsikana athu ogwira ntchito m'nyumba za anthu akukhalira buledi ndi tiyi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kenako n'kumafunafuna mankhwala m'timapaketi ta zokometsera. Magazi amachokera m'ndiwo. Chiwindi cha nkhuku n'chotsika mtengo m'mabutchala a kuno, ndipo ayironi wa m'chiwindi ndi m'nyama thupi limamulandira mosavuta kuposa wa m'zomera. Nyemba, khobwe, nandolo ndi mphodza zilipo, bonongwe alipo, amene anzathu a kuno amamutcha imbuya kapena thepe, ndipo usipa timadya ndi minga yomwe, mmene muli kashiyamu amene mukumufuna mu saunf.

Jeera wanuyo musamutaye, koma m'malo momwa madzi ake, mukazingeni pang'ono pa chiwaya chopanda mafuta mpaka fungo litatuluka, mumusinje, n'kuthira sipuni imodzi mu nyemba pamodzi ndi anyezi ndi tomato wambiri. Mukatero mwadya mbewu yonse, ndipo vitamini C wa mu tomato kapena ndimu yofinyira pamwamba amathandiza kuti ayironi wa m'nyembamo alowe m'thupi. Popeza mwati kwanu ndi ku Thyolo, ndikudziwa kuti tiyi munakula naye, koma tiyi wa masamba amatsekereza ayironi, choncho musamwere mapiritsi anu tiyi kapena mkaka, ndipo mukadya dikirani ola limodzi kapena awiri musanamwe. Ngati kukhosi sikukuleza, imwani rooibos, amene alibe kwambiri zinthu zotsekerezazo.

Mayi wa ku Mayfair:

Zikomo kwambiri achimwene, anamwino ndi inu amayi. Ndinatuluka nayo panja mbale ija ndipo ndaona kuti n'zoona, wina ndi wobiriwira wina ndi wofiirira, moti ndawalekanitsa m'mabotolo awiri. Ndivomere kuti ndinali nditasiya kale mapiritsi kwa masiku anayi, ndiponso masiku onse amene ndinkamwa ndinkamwera tiyi wothira mkaka. Ndayambiranso lero m'mawa ndi madzi ndi lalanje, ndipo Lachinayi, tsiku langa lopuma, ndipita kukiliniki kukafotokoza za kudzimbidwaku. Amayi a ku Yeoville, Loweruka madzulo ndikaweruka ndidzafika kumsika kudzagula usipa ndi khobwe, ndipo mukhale mutandisungirako mfutso wa khwanya ngati ulipo.