Thandizeni, ma hard drive andichulukira

Wosatchula dzina: Abale anga a ku Harare, ndigawireni nzeru. Ndimajambula mavidiyo a maukwati, zinkhoswe ndi kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Mufakose, komanso ndili ndi mafilimu ndi nyimbo zambiri. Zonsezi zili m'ma hard drive ang'onoang'ono a USB aja, ndimawasunga m'katoni ya nsapato pansi pa bedi. Imodzi yayamba kulira tiki tiki ndikailumikiza, ndipo ndi momwe muli vidiyo ya maliro a mayi anga ku Ntcheu. Tulo sindikupeza. Ina anabwereka alamu anga kuti akaonere mafilimu, mpaka lero angoti mawa mawa, ndikadandaula akazi anga amati ndikufuna kudanitsa abale. Eni nyumba nawo akweza lendi, ndiye safuna ndikhome kanthu pakhoma. Mnzanga wina akuti ndigule NAS (kabokosi koikamo ma hard drive kolumikizidwa ku netiweki ya m'nyumba), wina akuti hard drive imodzi yaikulu basi. Za magetsi kuno mukuzidziwa. Ndigule chiyani? Chonde musandiseke.

Bambo a Tadala: NAS BASI, zinazo n'kutaya ndalama. Gulani NAS ya Synology ya malo awiri, muikemo ma hard drive awiri ofanana pa RAID 1. Chomwe mwasunga chimalembedwa kawiri, imodzi ikafa inayo ilipo. Yanga ndinaikamo pulogalamu yoonetsera mafilimu ya Plex, ana amaonera pa TV, ine pa foni, palibe zozula zingwe. Koma musatenge ma hard drive a WD Red wamba, mu 2020 zinaululika kuti ena ndi a SMR (amalemba mosanjikiza, kotero amachedwa) ndipo amavuta pa RAID. Tengani Red Plus kapena Seagate IronWolf.

Anachisale: Pepani ndi za mayi, achimwene. Koma zonse pamodzi ndi ma TB angati? Nanga mwakonza ndalama zingati?

Mayi Nyirenda: Nkhani apa ndi alamuwo. Ine mng'ono wa amuna anga anatenga laputopu yanga kuti akalembere CV, inabwera sikirini itasweka, osapepesa n'komwe. Pitani nokha mukatenge, zamanyazi siyani.

Che Jafali: Chenjerani ndi zotchipa za m'tauni. Ndinagula ya 2TB pamtengo wozizira, mafayilo akulowa bwinobwino, tsiku lotsegula onse akukana. Titaiphwasula tinapeza kafulashi komatidwa ndi guluu, pambali kachitsulo koti izilemera. Mukagula iyeseni ndi pulogalamu ya H2testw musanaikemo kanthu. CrystalDiskInfo imaonetsanso maola omwe yagwira ntchito, mudziwe ngati akugulitsani yakale.

Mada wa ku Epworth: Katoni ya nsapato 😂 nsapatozo zili kuti nanga?

Kondwani: A Bambo a Tadala, musamanamize anthu. RAID si backup. Mukafufuta fayilo mwangozi imafufutika konse kuwiri. Magetsi akabwera mwamphamvu, kapena mphezi za Disembala zija, onse awiri amapsa limodzi. Wakuba amanyamula bokosi lonse. Pamafunika makope atatu, pa zosungira ziwiri zosiyana, kope limodzi likhale kunja kwa nyumba.

Bambo a Tadala: Iwe Kondwani, ine ndinayamba makompyuta iwe uli kumbuyo kwa amako. Ndani wanena kuti asagule UPS, kabokosi ka batire kothandiza magetsi akathima? UPS imauza NAS kuti izime bwino magetsi akathima. Ine ndili ndi sola ndi inverter, yanga siinazimepo.

Kondwani: Munthu akudandaula lendi inu mukumuuza za sola.

Bambo a Tadala: Chotchipa chimadula. Funsani a Che Jafali pamwambapo.

Chisomo: Bwanji osangoika pa Google Drive?

Bambo a Tadala: Yaulere ndi 15GB, ukwati umodzi sungakwane. Ndiye bando yokwezera mavidiyowo mulipira ndinu? Pokhapokha akhale ndi Starlink, inafika muno 2024.

Abusa a ku Highfield: Mafilimu enawo mudagula kapena? Tisamadzaze nyumba ndi zinthu za eni. Mukafufuta amenewo malo apezeka okha.

Mada wa ku Epworth: Yolirayo iikeni m'firiji usiku umodzi, imadzuka.

Kondwani: AYI. Chinyezi chikalowa mwaipheratu. Achimwene, lekani kuilumikiza pafupipafupi, kulirako ndi mutu wowerengera ukulephera ndipo ungakande mbale zamkati. Ngati ikutsegukabe, koperani vidiyo ya mayi yokhayo kaye, zina pambuyo. Ikakana, pitani nayo kwa akatswiri obwezeretsa mafayilo, osati kwa okonza mafoni. Vidiyo imodziyo ndi imene mungaike pa Google Drive, mutumizenso kwa abale ku Ntcheu.

Mayi Nyirenda: Ndipo kope la kunja kwa nyumbalo musakasungitse kwa alamu.

Wosatchula dzina: Zikomo nonse. Alamu ndawaimbira, akuti ali ku Chitungwiza abwera nayo Loweruka. Akazi anga akwiya kuti ndalemba za kubanja pa gulu. NAS ija imadya magetsi ambiri? Chifukwa mita timagawana ndi eni nyumba.

Anachisale: Ma TB angati, achimwene? Ngati zonse sizikupitirira 4TB, gulani ma external awiri, imodzi izikhala kuntchito, nkhani yatha.

Bambo a Tadala: Imadya pang'ono kwambiri, firiji yanu imaposa kutali. Osamvera za ma external, chaka chamawa mudzabweranso pano mukulira. Ndili ndi mnyamata amabweretsa kuchokera ku Johannesburg, katundu mumalandirira pa Roadport. Bwerani ku inbox.

Kondwani: Ehe, kani mukugulitsa.

Bambo a Tadala: A admin, mwana uyu achotsedwe pa gulu pano.