Kodi nkhondo ya Ayuda ndi Apalestina inayambiradi kwa Isake ndi Ismayeli?

NaPhiri_Area25

Abale ndithandizeni pa nkhani iyi. Kutchalitchi kwathu amati zomwe zikuchitika ku Gaza ndi mkangano wa ana a Abrahamu, Isake ndi Ismayeli, ndiye sizingathe mpaka Yesu adzabwere. Koma mlamu wanga akuti ayi, nkhaniyi ndi ya malo basi ndipo si yakalekale ngati mmene timaganizira. Nde zoona zake ndi ziti? Anayamba kukhala pa malopo ndi ndani? Chonde osatukwanana, ndikufuna kumvetsa chabe.

MphunzitsiWopuma

Mayi, alamu anuwo sakunama. Zoti Ayuda anakhalako kale palibe angatsutse, Aroma anagwetsa kachisi wa ku Jerusalem mu chaka cha 70 ndipo ambiri anabalalika ngakhale ena ochepa sanachoke. Koma mkangano womwe tikuuona pa TV lerowu sunakwanitse ndi zaka 150 zomwe. Kwa zaka pafupifupi 400, mpaka 1917, dera lonselo linali m'manja mwa ufumu wa Ottoman wa ku Turkey, ndipo ambiri okhalamo anali Aluya, Asilamu ndi Akhristu, Ayuda analipo koma ochepa.

Chomwe chinasintha zinthu ndi nkhanza zomwe Ayuda ankachitiridwa ku Ulaya makamaka ku Russia. Mtolankhani wina dzina lake Theodor Herzl anaitanitsa msonkhano ku Basel, m'dziko la Switzerland, mu 1897 wofuna kuti Ayuda akhale ndi dziko lawolawo. Mwina simukudziwa kuti mu 1903 Britain inawalonjezapo malo kuno ku Africa, dera lina lomwe pano lili m'dziko la Kenya, iwo anakana. Kenako mu 1917 nduna ya Britain, Arthur Balfour, inalemba kalata yoti boma lake likuvomereza kuti Ayuda akhale ndi kwawo ku Palestine, pomwe a Britain omwewo anali atalonjezanso Aluya ufulu akawathandiza kumenyana ndi Turkey. Malo amodzi kulonjeza anthu awiri, mwini wake osamufunsa.

Ndiye pali mbali iyi yomwe anthu amaidumpha. Ayuda obwerawo poyamba malo ankagula ndithu, samalanda. Koma ambiri ogulitsa anali anthu achuma okhala kutali, monga banja la Sursock la ku Beirut lomwe linagulitsa chigwa cha Jezreel cha m'ma 1920, ndiye alimi omwe makolo awo analima pamenepo kuyambira kale amangouzidwa kuti nyamukani, mwini watsopano wabwera. Amene mukudziwa mbiri ya maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje mukumva chomwe ndikunena, pepala la malo lili ndi wina, manda a makolo ndi a wina. Zipolowe za 1929 ndi kuukira kwa Aluya kwa 1936 mpaka 1939 zinaphukira pamenepa.

Chiko_wa_Yesu

Madala mwalongosola bwino koma ine Baibulo langa sindisiya. Genesis 12 Mulungu anauza Abrahamu kuti dzikoli ndidzapatsa mbewu yako, ndipo wodalitsa iwe ndidzamudalitsa. Zinazo ndi za ndale chabe. Komanso musaiwale Hitler anapha Ayuda 6 miliyoni, mayiko ambiri anawatsekera zitseko nthawi imeneyo, mumafuna apite kuti? Mu 1947 UN inagawa malowo pawiri, Ayuda anavomera Aluya anakana, mtsogoleri wa Ayuda Ben-Gurion atangolengeza dziko la Israel pa 14 May 1948 mawa lake asilikali a Egypt, Jordan, Syria, Iraq analowa kudzamenya nkhondo. Wokana kugawana nagonja nkhondo adandaule ndani?

Achimwene_aku_Joni

Chiko m'bale wanga funsa kaye kuti anakaniranji. Nthawi imene ija Ayuda anali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu onse, malo omwe anali atagula sanafike ndi 10 peresenti yomwe, koma pulani ya UN inawapatsa kupitirira theka la dziko. Iweyo ukanasayina? Ndipo nkhondoyo itatha Apalestina oposa 700,000 anali atathawa kapena kuthamangitsidwa, ena anathawa atamva za kuphedwa kwa anthu m'mudzi wa Deir Yassin mu April 1948, midzi mazanamazana inagumulidwa ndipo sanaloledwe kubwerera. Iwo amati Nakba, kutanthauza tsoka lalikulu. Mpaka lero m'makampu a ku Lebanon ndi Jordan muli mabanja akusunga kiyi wachitsulo wa nyumba ya agogo awo, ena nyumbayo kulibenso koma kiyi ali pakhoma. Anthu ambiri a ku Gaza ndi zidzukulu za othawa amenewa, sikuti anangomera mmenemo ayi.

China, timangoti Apalestina ngati onse ndi Asilamu, ku Bethlehem komwe timaimba pa Khrisimasi kuja kuli Apalestina achikhristu, nawonso amaima pa mzere pa marodibuloko a asilikali kuti akafike ku Jerusalem pamtunda wosakwana makilomita 10. Amenewo pa nkhani ya Isake ndi Ismayeli muwaika mbali iti kkkk. Kuno ku Joni nkhaniyi ndi yotentha zedi, mu December 2023 boma la South Africa linakasumira Israel ku khoti la dziko lonse la ICJ ku The Hague.

MphunzitsiWopuma

Achimwene a ku Joni zomwe mwanenazo nzoona, koma tiwonjezere mbali inayo kuti mayiwa amve zonse. Pambuyo pa 1948 Ayuda mazana a masauzande anachokanso m'mayiko a Aluya ngati Iraq, Yemen, Egypt ndi Morocco, ena mothamangitsidwa nkusiya katundu yense, ambiri anathera ku Israel. Zidzukulu zawo ukaziuza kuti bwererani ku Ulaya zimakudabwa chifukwa makolo awo sanachokere kumeneko.

Chaka china chofunika ndi 1967. Pa nkhondo ya masiku sikisi Israel inalanda West Bank ndi kummawa kwa Jerusalem kwa Jordan, Gaza ndi Sinai kwa Egypt, Golan kwa Syria. Sinai inabwezedwa atagwirizana ndi Egypt mu 1979. Koma ku West Bank anayamba kumanga midzi ya Ayuda, pano okhalamo akupitirira theka la miliyoni, ndipo mayiko ambiri amati nzosemphana ndi malamulo a dziko lonse. Kwa ine apa ndi pomwe pali mfundo yovuta kumasula, dziko la Palestine lomwe amalinenalo lidzakhala pati ngati malo ake adulidwadulidwa chonchi. Mu 1993 mtsogoleri wa Israel Yitzhak Rabin ndi mtsogoleri wa Apalestina Yasser Arafat anagwirana chanza pa mgwirizano wa Oslo, anthu nkumati basi zatheka, koma mu 1995 Rabin anawomberedwa ndi Myuda mnzake wodana ndi mgwirizanowo, uku gulu la Apalestina lachisilamu la Hamas nalo likuphulitsa mabomba m'mabasi. Mbali zonse zili ndi anthu omwe safuna kumva za kugawana. Israel inachoka mu Gaza mu 2005, Hamas inapambana chisankho mu 2006 nkulanda Gaza mu 2007, malire nkutsekedwa. Pa 7 October 2023 Hamas inapha anthu pafupifupi 1,200 nkugwira ena pafupifupi 250, ndipo kubwezera kwa Israel kwapha anthu masauzande makumimakumi ku Gaza, ambiri amayi ndi ana.

A Chiko, vesi lanu sindikukulandani, koma vesi lomwelo silikunena kuti mlimi wa maolivi wa ku Nablus achotsedwe pamunda.

NaPhiri_Area25

Ii koma ndiye zilipo, za Balfour ndi za makiyizo ndinali ndisanamvepo. Nanga ife a Malawi tinayamba bwanji kukondana ndi Israel chonchi? Mwana wa achemwali anga akufuna kupita nawo kukagwira ntchito kumaminda a ku Israel kuja.

Achimwene_aku_Joni

Zimenezo nza Kamuzu mayi. Mu 1973 mayiko ambiri a mu Africa anadula ubale ndi Israel, Malawi inakana pamodzi ndi Lesotho ndi Swaziland, ndipo a MYP aja poyambirira anaphunzitsidwa mothandizidwa ndi a Israel. Anyamata a kumaminda anayamba kunyamuka ambiri mu November 2023 chifukwa ogwira ntchito a ku Thailand anali atathawa nkhondo komanso Apalestina analetsedwa kulowa. Mwanayo afunse kaye kuti famuyo ili dera liti, ili pafupi bwanji ndi Gaza kapena malire a Lebanon, ndipo kontilakiti aiwerenge yekha asanasayine.