Zikwangwani za njira yolambalala mlatho ukatsekedwa: tiziwerenga bwanji?

WakuNamwera:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mlatho ukatsekedwa, kaya madzi awononga kaya akukonza, ndi zizindikiro ziti zoti dalaivala atsate kuti asasochere? Pa intaneti pali zikwangwani zachikasu zokhala ndi kabokosi kakuda, zina kabwalo, zina kamakona atatu, popanda dzina la malo. Kodi zimenezi ziliponso pa M3 kapena pa msewu wa Monkey Bay?

Foromani_wa_msewu:
Achimwene, zimenezo ndi za ku UK. Kumeneko msewu waukulu ukatsekedwa amakuuzani chizindikiro chimodzi, tinene kabokosi, ndiye mumangolondola kabokosiko pa mphambano iliyonse mpaka mutabwerera mumsewu wanu. Amasiyanitsa zizindikirozo chifukwa njira ziwiri zolambalala zimatha kudutsa pa mphambano imodzi. Kuno musayembekezere zimenezo. Kwathu bolodi limalembedwa DIVERSION kapena DETOUR, pansi pake muvi.

Choyamba kugwira ndi mtundu. M'ndondomeko ya zikwangwani ya SADC, chikwangwani chapansi pachikasu ndi chongoyembekezera, ndipo ndicho mumvere ngakhale chakale chikunena zina. Kenako maonekedwe: chamakona atatu chokhala ndi mkombero wofiira ndi chenjezo, monga chija cha munthu akukumba ndi fosholo. Chozungulira chamkombero wofiira ndi lamulo loletsa kapena loika malire. Chozungulira chofiira chonse chokhala ndi mzere woyera pakati ndiye kuti musalowe n'komwe.

Mukamayandikira zimabwera motsatana: munthu wa fosholo uja, kenako liwiro lotsika pang'onopang'ono, 80, 60, 40, kenako muvi wopatukira, pomaliza chotchinga msewu. Liwiro satsitsa kamodzi n'kamodzi chifukwa galimoto ya pa 80 imadya mamita 22 pa sekondi imodzi. Dalaivala akatenga masekondi awiri kuti aone ndi kuganiza, wapita kale mamita 44 asanaponde n'komwe buleki. Nanga lole yodzaza chimanga? Choncho chikwangwani choyamba chikaikidwa pamphuno pa mlatho, palibe chomwe chathandiza.

Mayi_wa_sukulu_ya_galimoto:
Ndionjezereko pa zomwe anena a Foromani. Pomwe anthu ambiri amalakwitsa ndi pa chikwangwani cha matani. Chozungulira cholembedwa 10t chikunena kulemera konse, galimoto ndi katundu wake pamodzi, osati katundu yekha ayi. China chimakhala ndi chithunzi cha ekiselo ndi matayala: icho chikunena kulemera kogwera pa ekiselo imodzi. Milatho yachitsulo yongoyembekezera ija, ya Bailey, nthawi zambiri imalola galimoto imodzi pa nthawi imodzi. Malole awiri, iliyonse yosapyola malire, akakwerapo limodzi mlathowo wasenza kawiri. Kuponda buleki mwadzidzidzi kapena kusintha giya uli pamwamba pake kumaugwedezanso. Lowetsani giya yotsika musanakwere, muyende mofanana mpaka kutsidya.

Pakakhala munthu wa bolodi la STOP ndi GO, mawu ndi ake. Akabaza, inunso bolodilo likukukhudzani. Kulowerera m'mbali mwa mzere n'kumene kumakugundanitsani ndi obwera kutsogolo, poti njira ndi imodzi.

Timabolodi tamizere yakuda ndi yachikasu toimikidwa m'mbali tikusonyeza malire a njira. Usiku muzidutsa pakati pa ito, osati kulondola mapazi a matayala, chifukwa ena mwa mapaziwo ndi a makatapila opita kuphompho komwe akugwira ntchito.

Foromani_wa_msewu:
Zoona mayi. Koma vuto lalikulu kuno si kuwerenga zikwangwani, ndi kusowa kwake. Muvi woyamba umakhalapo, mukafika pa mphambano yachiwiri m'mudzi, zii. Mwina mphepo yagwetsa chifukwa sanapsinjize miyendo yake ndi matumba a mchenga, mwina fumbi lakwirira kunyezimira kwake, mwina wina wazula kukapangira mbaula. Ntchito yabwino imafuna muvi pa mphambano iliyonse, mbali zonse ziwiri, bolodi lina patsogolo pang'ono lotsimikizira kuti simunasochere, komanso kuphimba chikwangwani chakale cholozera ku mlatho wotsekedwawo. Nthambi za mitengo ndi miyala yoika pamsewu sizioneka usiku. Zikwangwani zikasowa, uzani kontirakita wa pamalopo, apolisi a pamsewu kapena a Roads Authority.

Kulambalala kulinso kuwiri. Kwa timilatho ta pa M10 (msewu wa Monkey Bay uja) kapena M3 amangokumba njira yafumbi pambali n'kuika makalavati. Pa Shire zimenezo sizingatheke. Mlatho wa Bakili Muluzi pa boma la Mangochi utatsekedwa, wochokera ku Namwera angazungulire kudzera ku Nselema ndi Ntaja, n'kukawolokera pa Liwonde, kenako n'kubwerera ndi M3. Kutseka kotero chikwangwani chake chiyenera kuima kutali, pa mphambano pomwe munthu angasankhe njira, osati atatsika kale mapiri onse aja.

Dalaivala_wa_Makawa:
Chimodzi chokha pa njira zafumbi za makalavatizo nthawi ya dzinja. Muvi umakhalabe chilozere ngakhale madzi asefukira pamwamba. Madzi othamanga ofika masentimita 30 amatha kukokolola galimoto yaing'ono, ndipo simungaone ngati dothi la pa kalavati ladyeka kunsi. Mukapeza madzi akudutsa pamwamba, imani kumtunda, tsitsani anthu, mudikire aphwe.