Ndili ndi zaka 52, masana sindidya koma usiku ndimadya mobisa. Kodi ndi matenda?

Mayi_wa_atatu:

Moni amayi anzanga. Nkhaniyi sindinauzepo munthu aliyense, ngakhale bambo a kunyumba. Ndili ndi zaka 52 ndipo ndinasiya kusamba chaka chatha. Chiyambireni msambo kudumphadumpha, thupi langa lasintha. Miyendo ndi manja zili momwemo, koma mimba yatuluka, chiuno chasowa, masiketi akukana kutseka. Chonsecho kadyedwe sindinasinthe. Mwana wanga atanditumizira zithunzi za pa ukwati wa msuweni wake, ndinayang'anitsitsa mayi wina amene anaima pambali pake, ndipo zinanditengera nthawi kuvomereza kuti ndine.

Ndiye ndinayamba kudzimana. M'mawa tiyi wopanda shuga basi. Masana kuntchito ndimanena kuti ndadya kale. Madzulo ndimapakulira anthu, ine n'kungolawa. Koma ikamati 11 koloko usiku, onse atagona, ndimalowa m'khitchini n'kudya chilichonse chimene ndapeza, chiimire, mothamanga, osamva n'kukoma komwe, mpaka m'mimba kupweteka. Zikatero manyazi amandigwira, ndiye ndimamwa tiyi uja amati wotsuka m'mimba. Sikelo ndimakwerapo m'mawa ndi madzulo, ndipo nambala imene yatuluka ndiyo imalamula ngati tsikulo ndiseke kapena ayi.

Masabata apitawa mtima wayamba kugunda modumphiza, ndipo ndikaimirira msanga ndimachita chizungulire. Ine ndimadziwa kuti mavuto a kadyedwe ndi a atsikana a kusekondale. Mayi wa msinkhu wanga, wa zidzukulu, angadwale zimenezi? Kapena ndangokhala wosadziletsa?

Woyenda_mmawa:

Pepani mayi. Koma ine ndikuona ngati ndi njala chabe. Munthu wosadya tsiku lonse usiku alekerenji kudya kwambiri? Idyani katatu pa tsiku, muziyenda ndawala m'mawa mphindi 30, sikeloyo muibise. Ine ndili ndi zaka 55, mimba inatulukanso, koma kuyenda kwandithandiza kugona bwino. Musadzidetse nkhawa kwambiri.

Namwino_wopuma:

Achemwali a Woyenda_mmawa, za kudya katatu mwanena zoona, koma apa nkhawa ikufunika ndithu. Mayi_wa_atatu, ndiyambe ndi mtimawo chifukwa ndi umene wandidzidzimutsa. Matiyi ambiri ochepetsa thupi amakhala ndi senna, amene ndi mankhwala otsegula m'mimba. Amagwira ntchito m'matumbo aakulu, pamene chakudya chimakhala chitayamwidwa kale m'matumbo aang'ono. Choncho mafuta sachoka. Chimene chimatuluka ndi madzi ndi mchere wa m'thupi, makamaka potaziyamu, ndipo potaziyamu akachepa mtima umasokonekera kagundidwe. Anthu amafa nazo zimenezi, ena thupi lawo likuoneka labwinobwino. Chonde pitani kuchipatala sabata ino, akayeze magazi ndi kagundidwe ka mtima. Ngati mumamwa mankhwala a BP, makamaka okodzetsa aja, musachedwe n'komwe, chifukwa ena mwa iwo amachotsanso potaziyamu. Mukakomoka kapena kumva kupweteka pachifuwa, pitani nthawi yomweyo.

Tsopano funso lanu. Inde, matendawa sasankha msinkhu. Pali anorexia, pamene munthu amadzimana mpaka kuonda koopsa. Pali bulimia, imene dokotala Gerald Russell wa ku Britain anaifotokoza mu 1979: kudya kwambiri mosadzigwira, kenako n'kuyesa kuchotsa chakudyacho podzisanzitsa, kumwa mankhwala otsegula m'mimba kapena kusala. Palinso vuto la kudya mosadzigwira popanda kuchotsa, limene linalowa m'buku la madokotala a matenda a maganizo ku America ngati matenda paokha mu 2013. Ine sindingakupimeni pano, koma zimene mwalembazo zikufanana kwambiri ndi bulimia. Ambiri odwala bulimia saonda, n'chifukwa chake amatha zaka osadziwika, ngakhale kwa amene amagona nawo chipinda chimodzi.

Mawu akuti "wosadziletsa" andipweteka. Mu 1944 ndi 1945, pa yunivesite ya Minnesota, wasayansi wina dzina lake Ancel Keys anachita kafukufuku pa amuna 36 athanzi amene anadzipereka okha. Kwa miyezi isanu ndi umodzi ankapatsidwa pafupifupi theka la chakudya chimene ankafunikira. Amunawa anayamba kuganiza za chakudya usana ndi usiku, ena kusonkhanitsa mabuku a kaphikidwe, kukwiya msanga, kukhumudwa. Ataloledwa kudya, ena ankadya mpaka kudwala koma osamva kukhuta. Anali anyamata opanda vuto lililonse ndi maonekedwe awo. Thupi likamanidwa limatero, ndipo zimene zimakuchitikirani 11 koloko usiku zimayambira pa tiyi wopanda kanthu wa m'mawa uja.

Za mimbayo. Amayi ambiri amasiya kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55. Mahomoni achikazi otchedwa esitirojeni akatsika, mafuta amene ankakhala m'ntchafu ndi m'matako amayamba kusonkhana pamimba, ngakhale kulemera kusanasinthe kwenikweni. Minofu nayo imachepa ndi ukalamba, tulo timavuta chifukwa cha kutentha thupi usiku, ndipo munthu wosagona amamva njala kwambiri. Inu simunalakwitse kanthu. Chondidetsa nkhawa china ndi mafupa: m'zaka zoyambirira mutasiya kusamba amafooka mofulumira, ndiye kudzimana chakudya panthawi imeneyi n'kuwonjezera vuto. Ndinasamalirapo amayi ambiri othyoka fupa la m'chiuno atangoterereka pang'ono, ndipo ena sanayendenso ngati kale.

Agogo_a_mapasa:

Mwana wanga, ndawerenga ndikugwetsa misozi chifukwa ndi nkhani yanga. Ine ndinayamba kudzisanzitsa ndili mtsikana wa zaka 19, zinatha nditakwatiwa, ndipo ndinkaganiza kuti zinapita. Zinabwerera ndili ndi zaka 48, amuna anga atamwalira, ana onse atachoka pakhomo. Nyumba inali zii, ndipo chakudya ndicho chinthu chokhacho chimene ndinkaona kuti ndingachilamulire. Amene anatulukira ndi dokotala wa mano. Anaona kuti mano akutsogolo adyeka mkati chifukwa cha asidi wa m'mimba, n'kundifunsa mwaulemu ngati ndimasanza kawirikawiri. Ndinakana, koma nditafika kunyumba ndinalira, ndipo ulendo wotsatira ndinamuuza.

Chimene chinkandizunza kwambiri ndi pakamwa pa anthu. Nditaonda ankati, "Mayi mukuoneka ngati mtsikana, mukuchita chiyani?" Ena ankanong'onezana kuti mwina ndikudwala. Ndikabwerera m'thupi, "Eee, koma ndiye mwanenepa." Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa ngati ndikugona usiku, kapena ngati ndili ndi wocheza naye. Masiku ano ine thupi la munthu sindiliyankhulira, kaya laonda kaya lanenepa, ndipo ana anga ndinawaletsa kutero pamaso pa adzukulu anga aakazi, chifukwa ana amamva zonse.

Chinandithandiza ndi uphungu umene amautcha CBT. Mlangizi sanayambe ndi za ubwana wanga ayi. Anayamba ndi kundiuza kuti ndizidya pa nthawi yake, katatu pa tsiku ndi kena kochepa pakati, osadutsa maola anayi, ndi kulemba zimene ndadya pamodzi ndi mmene mumtima munalili. Ndinkaopa kuti ndinenepa kwambiri. Chimene chinachitika n'chakuti kudya kwa usiku kunayamba kuchepa kokha. Pa sikelo tinkakwera kamodzi pa sabata basi. Panopa ndili ndi zaka 61, mimba ilipo, koma ndimadya pa tebulo ndi anthu.

Mukapita kuchipatala musangonena za mtima zokha. Akakupatsani mankhwala n'kukubwezani, gwero lake osalidziwa. Ngati pakamwa pakulemera, lembani papepala zimene mwalemba panozi, mukangowapatsa.

Mayi_wa_atatu:

Zikomo nonse, makamaka inu amayi amene mwandiuza za moyo wanu. Mankhwala a BP ndimamwadi, ndiye za potaziyamu zandiopsa. Ndapempha tchuthi Lachinayi kuti ndipite. Bambo a kunyumba ndiwauza mawa, mwina andiperekeza. Koma anamwino, tiyi uja ndingosiya lero lomwe? Ndikapanda kumwa sindipita kuchimbudzi masiku awiri kapena atatu.

Namwino_wopuma:

Siyani, mayi, ndipo paketi yake mutenge mukawaonetse, pamodzi ndi mankhwala anu onse. A BP musasiye panokha. Ngati n'kotheka musadikire Lachinayi, pitani mawa. Ndikuchenjezeni pasadakhale: mukasiya, m'mimba mutha kuuma kwa masiku angapo chifukwa matumbo anazolowera kukankhidwa, ndipo mapazi atha kutupa, sikelo n'kukwera. Amenewo ndi madzi amene thupi likusunga chifukwa linazolowera kuwataya, ndipo amaphwa okha, kawirikawiri pakatha sabata imodzi kapena zingapo. Ambiri amabwerera ku tiyi pa nthawi imeneyi poganiza kuti anenepa. Muzimwa madzi okwanira, muzidya masamba ndi zipatso, ndipo kudzimbidwako kukapitirira auzeni adokotala, alipo mankhwala ofewetsa amene sapweteka matumbo. Mukawapemphenso ayeze shuga ndi chithokomiro (kachiwalo ka pakhosi kotulutsa mahomoni), chifukwa chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka chimanenepetsa ndi kudzimbitsa, ndipo chimavuta kwambiri amayi a msinkhu wathu. Mudzatiuze mmene mwayendera.