Kitfox yanga ili m'galaja, mwana ali m'njira: ndigulitse?

Kabawi_Leicester:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Chaka chatha ndinagula ndege yaing'ono ya mtundu wa Kitfox yowonongeka kwa bambo wina wachikulire amene anaimanga yekha. Potera inam'zungulira pansi monga zichitira ndege za tayala lakumbuyo, mwendo wakumanzere n'kupindika, nsonga ya phiko n'kukhula pansi, pulopela n'kumenya dothi injini ikulira. Injiniyo ndi Rotax 912 ya mahatchi 80. Ndinaipeza motchipa, ndipo poti ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo, mapaipi achitsulo cha mtundu wa 4130 a thupi lake sanandiopse. Chinsalu chokuta ndegeyo kumimba ndinasenda kale, ndipo ndapeza mapaipi awiri opindika pomwe mwendo umagwira.

Tsono zinthu zasintha. Mayi akunyumba ndi oyembekezera, ntchito yandisamutsira ku Glasgow, ndipo nyumba yomwe tapeza kumeneko ilibe galaja. Bambo anga anatisiya mu Epulo, moti sukulu ya azichemwali anga awiri ku Dedza yagwera ine. Mayiwa sananene kuti ndigulitse, koma akamadutsa pagalajapo amangoti "hmm". Amene munakwatira mukudziwa. Ndiitaye, kapena ndiisunge mpaka mphepo itadutsa?

MalumeWaLuton:
Pepani ndi maliro, achimwene. Ine ndinena mosapsatira: gulitsani. Ndege yosauluka imadya ndalama ili chikhalire. Mwana akabadwa, nthawi yomwe mukuti muzikawotcherera ija muzidzagona. Alamu akakuuzani ndi pakamwa mudzakhala mutachedwa kale.

NyamaYaMapiko:
Malume afulumira. Kitfox mapiko ake amapindikira kumbuyo, imakwera pangolo yokoka ndi galimoto, ndiye simukufunika hangar, nyumba yosungiramo ndege. Pezani mlimi kunja kwa Glasgow akubwerekeni ngodya ya shedi youma.

Koma musanayatse moto pa chitsulo chilichonse, itanani inspector wa LAA, bungwe loyang'anira ndege zomanga wekha kuno ku UK, adzaone. Kuno ndege zomanga wekha zimauluka ndi chilolezo chotchedwa Permit to Fly, ndipo kukonza thupi la ndege kumafuna kuti LAA ivomereze kakonzedweko, inspector n'kusainira. Mukawotcherera mwa nokha n'kuphimba ndi chinsalu, ngakhale ntchito ikhale yaukhondo chotani, adzakuuzani kuti musendenso.

Chimene chingakuuzeni zoona ndi injini, osati mwendowo. Crankshaft ya 912, shafiti yaikulu yozungulira m'kati mwa injini, si chitsulo chimodzi, ndi zidutswa zopanikizidwa pamodzi, ndiye pulopela ikamenya pansi imatha kupotoka osaoneka ndi maso. Iyezedwe, giyabokosi nayo itsegulidwe. Onaninso m'buku lake kuti ili ndi zaka zingati, chifukwa Rotax imawerenga maola komanso zaka, ndipo mapaipi a labala amasinthidwa zaka 5 zilizonse kaya yauluka kaya ayi. Crankshaft ikapezeka yabwino, muli ndi chuma. Ikapezeka yopotoka, mverani Malume.

NesiWaKuPaisley:
Za ndege ndasiyira eni ake, langa ndi limodzi. Guluu ndi mankhwala omatira chinsalu chija, makamaka MEK, asayandikire mayi woyembekezera kapena khanda. Ngakhale ovalosi yomwe mwavala pogwira ntchitoyo isamalowe m'nyumba. Ndipo mukafika kuno mutipeze, Amalawi tilipo ambiri, alamu asadzakhale okha pochira.

Kabawi_Leicester:
Zikomo nonse. Anesi, zamveka, chitini cha MEK ndachichotsa kale m'nyumba, ndipo tikafika tidzakufunani. Inspector ndamuimbira, abwera Loweruka tisanayambe kulongedza katundu. Injini ndiitsitsa ndiipereke ikayezedwe. Ndawauza mayi kuti ikapezeka yopotoka ndigulitsa zonse, ndalama ipite ku fizi. Ikakhala bwino, ndiithira mafuta osungira, nditseka mabowo, ikagone kwa mlimi. Ayankha kuti "tiona". Malume, ngolo yanu ija yonyamulira galimoto ndi yaitali mamita angati? Ndingaibwereke kumapeto kwa mwezi?