Katoni ya makaseti akale pa Lizulu: ndigule kapena ndisiye?

Yamikani: Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Pamsika wa Lizulu pali bambo wina wachikulire akugulitsa katoni ya makaseti akale pamodzi ndi wailesi yake, ija yolowa makaseti awiri. Zonse akuti K45,000. Makaseti alimo 32. Amene ndawagwira ndi manja anga ndi Son of a Poor Man ndi Cease Fire za Lucius Banda, Kuimba 1 ndi Kuimba 2 za Evison Matafale, Mwapindulanji ya Billy Kaunda, Dzanja Lalemba ya Mlaka Maliro, ndi angapo a Alleluya Band. Ena ndi a makwaya, ena zolemba zake zinafufutika. Mtima ukufuna zedi, koma ndalama imeneyi ndimati ndiwonjezere pa feteleza wa kachewere. Kodi ndi zogula zimenezi?

Dalitso: Achimwene, sungani ndalama yanu. Bwerani ndi memole kuno kwa Kampepuza ndikuikireni nyimbo zonsezo, ndiwonjezeponso za Skeffa ndi za Namadingo. Muzimvera mufoni kumunda, panjinga, kulikonse. Kaseti muziyenda nayo bwanji?

Malume Ngozo: Dalitso mphwanga, ntchito yako ndimailemekeza, koma zimene umaika mu memole si zimbale. Umaika nyimbo zimene zinatchuka pa wailesi, imodzi ya uyu, ziwiri za uyo, kenako ya ku Nigeria pakati pake. Yamikani sakufunsa za nyimbo, akufunsa za zimbale, ndipo izi ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ndinene za Son of a Poor Man poti ndi imene ndimaidziwa bwino. Inatuluka mu 1994, chaka chimene tinavota pa 17 May, patangotha chaka chichitikire riferendamu ya June 1993. Anthu tinali tisanazolowere kulankhula mokweza. Mnyamata wa ku Balaka, woyandikana nafe pomwepa ukangodutsa pa Chingeni, anaimba zimene makolo athu ankanong'onezana m'nyumba chitseko chili chotseka. Ukamva nyimbo imodzi yokha, monga Mabala, umati ndi nyimbo yabwino yodandaula basi. Ukakhala pansi n'kumva kaseti yonse, mbali yoyamba mpaka batani lidumphe lokha, n'kuitembenuza, umamva munthu mmodzi akukuyendetsa m'maganizo ake, pena wakwiya, pena akupemphera, pena akusangalatsa. Ndondomeko imene ija sanaiponye mwachisawawa. Zimamveka ngati anakhala pansi ndi anzake n'kugwirizana kuti iyi itsegule, iyi itseke mbali yoyamba, iyi ibwere anthu atatopa.

Ndipo kaseti ili ndi khalidwe lake: kudumpha nyimbo n'kovuta, umatha mabatire pofunafuna, ndiye umangoisiya iziyenda. N'chifukwa chake ife a nthawi imene ija timadziwa pamtima ngakhale nyimbo zimene wailesi sinaziimbepo n'kamodzi komwe. Nthawi zambiri zimenezo ndiye zimakhala zozama.

Dalitso: Malume, ndamva. Koma chimbale chonse ndingathe kuika mu foda yake, nyimbo n'kuzisanja kuyambira yoyamba mpaka yomaliza. Komanso zambiri zili pa YouTube, ndipo Spotify inafika kuno mu 2021. Vuto lili pati?

Malume Ngozo: Vuto lili pa chala. Foni ikakhala m'manja, nyimbo isanafike pakati wadina kale ina. Ndiye kubwere uthenga, kubwere foni ya munthu wofuna ngongole. Ndi ndani pagulu pano amene anamvapo chimbale chonse mufoni osadumpha, chaka chino?

Nachisale: Ine ndili mbali ya feteleza. Achimwene a Yamikani, nonse mukudziwa mmene zinthu zinakwerera kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. K45,000 siigula thumba lathunthu, inde, koma ndi ndalama yoti ikhoza kulipira aganyu okwezera mizere dimba lonse. Nyimbo zidzakhalapobe mukakolola.

Chachiwiri, ndipo ichi chimandikhudza: mukagula kwa bambowo, palibe tambala imene ipite kwa ana a Lucius kapena kubanja la Matafale. Oimbawo analandira kagawo kawo pamene kasetiyo inagulidwa koyamba, basi zinathera pomwepo. Ngati n'chikondi cha zimbale, bwanji osathandiza amene ali moyo? Black Missionaries akabwera kuno pa boma lipirani pakhomo, oimba achinyamata akatulutsa chimbale gulani kwa eni ake.

Yamikani: Achemwali, apo mwandigwira. Koma kubena nakonso sikuwapatsa kanthu oimba.

Nachisale: Sindikuikira kumbuyo kubena. Koma kumeneko kuli kanjira ndithu. Lamulo la kukopera la 2016 linabweretsa msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo ngati mafoni ndi mafulashi, ndipo bungwe loteteza umwini wa nyimbo la COSOMA limagawa ndalamazo kwa oimba olembetsa. Kaya ndi zochepa kaya ndi zambiri, zimafika. Kaseti yakale yogula pamsika ilibe njira iliyonse yobwerera kwa mwini nyimbo.

Malume Ngozo: Nachisale, zoona zokhazokha, koma taganizirani mbali inayi. Katoni imeneyo ikapanda kupeza munthu woikonda, ana adzasolola tepi n'kukamangira m'dimba kuopsezera mbalame. Nonse munazionapo zimenezi. Ndipo si zonse zili mu katonimo zimene zili pa intaneti. Za Lucius ndi za Matafale mudzazipeza. Nanga makwaya aja? Nanga za Alleluya zoyambirira? Bandi imene ija inayamba mu 1978 ku Balaka, ndipo situdiyo ya Paul Banda, Imbirani Yahweh, inajambula oimba ochuluka amene lero palibe amene amawatchula. Ena anatulutsa kaseti imodzi, inagulitsidwa kwa O.G. Issa ku Limbe ndi kwa mavenda m'madepoti, kenako zii. Ngati mu makaseti ofufutikawo muli imodzi yotero, mwina ndi yokhayo yatsala m'boma lonse la Ntcheu.

A Gama okonza mawailesi: Ndakhala ndikuwerenga chete. Ndiloleni ndinene za kumbali ya ntchito yanga, chifukwa mukukangana ngati kuti makasetiwo akulira onse. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Lizulu, Tsangano ndi Bembeke ndi malo a chifunga ndi chinyezi, ndipo kaseti imene yakhala m'katoni pansi pa bedi zaka 25 imachita chuku. Iyang'aneni pa kawindo kapakati paja, padzuwa. Mukaona tinthu toyera ngati ufa pa mpukutu wa tepi, imeneyo yapita, ndipo mukaiika mu wailesi idetsa hedi, kachitsulo kowerenga tepi kaja, n'kupatsira anzake.

Mukapita, tengani bolopeni ya Bic ija ya makona. Ilowetseni pa kabowo n'kupukusa pang'onopang'ono. Tepi yabwino imayenda mofewa. Ikamalimba kapena kulira tswii, ndiye kuti yamatana. Kenako tembenuzani muone pansi pomwe tepi imaonekera: kumbuyo kwake kuli kathonje kakang'ono kokhala pa kachitsulo. Kakagwa kameneko mawu amamveka ngati akuchokera m'chitsime. Koma ichi si chifukwa chotayira kaseti, timamatanso kena kuchokera ku kaseti yakufa. Onaninso ngati ndi yomanga ndi tizikuluwu kapena yomata. Ya tizikuluwu imatsegulika bwino tepi ikaduka, yomata umachita kuiswa.

Za wailesiyo ndinene mosabisa: sindingailipire ndalama yambiri. Malamba a m'kati ndi a labala, akakalamba amatamuka kapena kusungunuka n'kukhala phala lakuda lomata. Kagudumu kopanikiza tepi kakauma, ndiye kamene kamatafuna makaseti. Lamba wa saizi yake kuti umupeze masiku ano mpaka kuphwasula wailesi ina. Muiyese ndi kaseti imene simukuifuna, osati Kuimba 1.

Yamikani: A Gama, zikomo kwambiri. Bambowo anandiyesera imodzi, inalira ndithu koma mawu amakhala ngati akukoka.

A Gama okonza mawailesi: Kukoka kumeneko ndi lamba kapena mabatire ofooka. Tepi imayenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi, ikachepera apo woimba amamveka ngati wangodzuka kumene. Hedi mukhoza kupukuta nokha ndi thonje lonyowetsa mu spiriti, koma lamba ndiye mubwere naye kuno ndimuone.

Mayi a Thoko: Ine ndingoikapo mawu pa Matafale, chifukwa pamenepo ndiye pandikoka mtima. Munthu uja anasiya zimbale ziwiri zokha. Kuimba 1 anajambula ndi Wailing Brothers mu 1999, Kuimba 2 ndi Black Missionaries, ndipo mu November 2001 anamwalira ali m'manja mwa apolisi. Abale ake a ku Chileka anapitiriza kuwerenga, Kuimba 3, Kuimba 4 mpaka kutsogolo, koma ziwiri zoyambazo ndi zimene zili ndi mawu ake kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Mulibe nyimbo yongodzazira malo. Mwana wanga wamkulu amadziwa ziwiri zitatu zimene zimaimbidwa m'maminibasi, ndipo amaganiza kuti Matafale ndi yemweyo. Tsiku lina ndinamukhazika pansi tikusenda mbatata, tinamva Kuimba 2 yonse. Itatha anandifunsa mafunso ambiri, za munthuyo, za nthawi imene ija, chifukwa chimene anamangidwira. Nyimbo imodzi yomva mu minibasi sibala mafunso otere.

Komanso a Dalitso, musakhumudwe, koma zimene timatenga kwa obena zambiri zimabwera zopanda dzina. Pafoni pamangolembedwa Track 07. Ina mawu ali pamwamba, ina pansi, ina pakati pake pakulowa mawu a munthu wotsatsa tsamba lake. Kapepala ka m'kaseti kamakuuza amene anaimba besi, amene anagwira kiyibodi, situdiyo imene anajambulira. Anthu amenewo nawonso anagwira ntchito.

Dalitso: Pa za Track 07 sinditsutsa amayi, nafenso timazilandira zili choncho. Koma kaseti nayo imatha. Ukaiimba kawirikawiri mawu amafooka, tsiku lina wailesi yaitafuna, basi mwalira.

Nachisale: Ndiye mwamva a Yamikani? Wailesi yokayikitsa, makaseti mwina theka ndi achuku. K45,000 yapita pa zinthu zoti muzingoziyang'ana.

Malume Ngozo: Theka la 32 ndi 16, Nachisale. Zimbale 16 zenizeni, zokhala ndi timapepala take ndi chidindo chonyezimira cha COSOMA. Lucius anatisiya pa 30 June 2024. Wambali Mkandawire anapita mu January 2021, ndipo Zani Muwone yake ya 2002 ndi chimbale china chimene sumva chidutswa, ngakhale ife amene Chitumbuka timangotolako mawu apa ndi apo. Allan Namoko anamwalira mu 1995, ndipo lero ukafuna nyimbo zake zomveka bwino umavutika. Zinthu izi sizibwereranso pamsika. Feteleza adzabwera chaka chamawa, wokwera mtengo inde, koma adzabwera.

Nachisale: Kachewere sadikira chaka chamawa, malume.

Dalitso: Ndaganiza chinthu china. Ngati a Gama angakonze wailesiyo, kapena ngati ali nayo ina yolira bwino, ine ndili ndi chingwe cholumikiza pa kabowo ka mahedifoni kupita ku kompyuta. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Audacity imene imajambula mawu akamalowa. Palibe chidule, kaseti ya C60 imatenga ola lathunthu, mphindi 30 mbali iliyonse, ya C90 ola ndi theka. Ndikhoza kusunga mbali iliyonse ngati fayilo imodzi, osaidula nyimbo ndi nyimbo, kuti womvera asamadumphe monga akunenera malume. Kapepala ndijambule ndi foni ndiike momwemo. Koma zikhale zanu zosunga achimwene, sindiziika pa kompyuta ya malonda. Makamaka ndikufuna ndimve ofufutika aja kuti muli chiyani.

Malume Ngozo: Apo mphwanga walankhula. Fayilo imodzi mbali imodzi, usaiwale.

A Gama okonza mawailesi: Ndili nayo deki yoimbira makaseti yabwino kushopu, musavutike ndi wailesi ya bambowo. Yamikani, kambiranani za makaseti okha. Wailesi ndi imene yakweza mtengowo.

Yamikani: Ndiye ndichita chonchi. Tsiku la msika likubwerali ndipita ndi bolopeni ndi mabatire atsopano, ndikawaunika amodzi amodzi monga anenera a Gama. Achuku ndiwasiya. Ndikawapempha bambowo andigulitse makaseti okha, ndipo sindipitirira K20,000. Yotsalayo ipite kumunda, achemwali a Nachisale asandidandaule.

Nachisale: K20,000 ndi yambiribe kwa ine, koma ndalama ndi yanu. Mukakumbukire kuwafunsa bambowo chifukwa chimene akugulitsira. Ngati ndi matenda pakhomo, musawatsitse mtengo mpaka pansi.

Mayi a Thoko: Ngati akana kulekanitsa ndi wailesi, mundiimbire muli pomwepo. Ndiikapo K10,000 yanga pa Airtel Money, bola Kuimba 1 ndi Kuimba 2 zikakhala zabwino zibwere kwa ine zikachoka kwa Dalitso.

A Gama okonza mawailesi: Pobwera musaziike padzuwa kutsogolo kwa minibasi, zimapindika. Muzikulunge m'nsalu, zikhale m'chikwama pamiyendo panu, kutali ndi sipika.